Kwa amene amaopa kupinda malaya kuchipatala

Akonzi,

Tiloleni tilankhule kudzera m'nyuzipepala yanu ndi anthu amene sangalembe okha kalata ngati ino. Ndife anamwino ndi alangizi a za umoyo wa m'maganizo, ndipo tikunena za anthu amene nthawi ina mtima utawapweteka kwambiri anadzivulaza okha, mabala n'kupola, koma zipsera n'kutsala pamkono, pantchafu kapena pamimba. Ambiri a iwo lero ali bwinobwino, ali pasukulu, pantchito, pabanja. Vuto limadzuka tsiku lofunika kukapimidwa. Mayi woyembekezera amayamba sikelo mimba ili ndi miyezi 7. Mnyamata amatsokomola kupitirira milungu iwiri osakapereka makhololo. Wina amangogula panado pagolosale thupi likutentha masiku anayi. Chimene onsewa akuthawa ndi mawu awiri okha: “Pindani malaya.”

Manthawo ali ndi pochokera, sitikana. Pa OPD, polandirira odwala osagonekedwa, nthawi zambiri BP imayezedwa pakhonde, anthu ali ndandanda pabenchi maso ali dwii, ndipo pakati pathu alipo ena amene pakamwa pawo sipasankha mawu. Koma kuzemba chipatala kumapweteketsa. BP yokwera sipweteka mpaka tsiku limene yaononga impso kapena kugwetsa munthu ndi sitiroko, ndipo khansa ya khomo la chiberekero imagonja ikapezeka isanayambe kuonetsa zizindikiro. Komanso mantha ali ngati galu wa pamudzi, ukamuthawa ndi pomwe amakuthamangitsa. Mukabwerera pageti mtima umakhala m'malo tsiku limenelo, koma ulendo wotsatira umavuta kuposa woyamba. Chimene chimachepetsa mantha amenewa n'kudziwiratu kuti pa kuyeza kulikonse ndi mbali iti ya thupi imene iyeneradi kuoneka, ndi kukonzeratu mawu oti munene ikaoneka.

Dziwani kaye zimene maso a wachipatala amaona. Kuyambira m'mawa mpaka kuweruka iye amaona mphini za kwa sing'anga pachifuwa ndi m'chiuno, zipsera za moto ndi za phala lotentha, za opaleshoni, za ngozi ya kabaza. Khungu lopanda chipsera ndilo losowa. Ndipo chipsera chimaonetsa chokha msinkhu wake: chatsopano chimakhala chotukuka, chofiirira kapena chakuda kuposa khungu lozungulira, ndipo chimayabwa, pakatha miyezi 12 mpaka 18 chimaphwa n'kuyamba kuzilala. Wodziwa ntchito amasiyanitsa bala la sabata yatha ndi chipsera cha zaka zisanu osafunsa n'komwe. N'chifukwa chake tikukulangizani kuti musanamizire mphaka, waya wa mpanda kapena mphini. Zimene mukunena zikapanda kugwirizana ndi zimene akuona, wachipatala wosamala amayamba kuganiza kuti kunyumba kuli munthu amene akukuchitani nkhanza ndipo mukumubisa, mafunso n'kuchuluka m'malo mochepa.

Zoyeza zambiri za tsiku ndi tsiku sizifuna mkono. Malungo, HIV, shuga ndi kuchepa kwa magazi, zonsezi pachipatala chaching'ono amabaya pansonga ya chala, malaya ali momwemo. Kutentha kwa thupi amayeza pachipumi kapena m'khwapa. Pomvetsera chifuwa amatha kulowetsa chomvetserera mkati mwa malaya. Makhololo ndi mkodzo mumakatenga nokha.

BP ndiye imavutitsa anthu ambiri, choncho tiifotokoze bwino. Lamba wa makina amamangidwa pakati pa phewa ndi chigongono, m'mphepete mwake muli masentimita 2 kapena 3 pamwamba pa pokhota mkono. Kuyeza kolondola kwambiri ndi kwa pakhungu, koma makina a batire amene ali m'zipatala zambiri masiku ano amawerenga bwino ndithu pamwamba pa nsalu yopyapyala, monga ya shati kapena bulauzi ya kotoni. Juzi, jekete ndi nsalu yokhuthala ndizo zimasokoneza manambala. Choipa kwambiri ndi chimene ambiri amachita: kukwinyira mkono wa malaya othina m'mwamba mpaka utamanga gwa. Pamenepo magazi akupanikizidwa kawiri ndipo nambala imene ituluke siikhala yoona. Ndiye valani malaya a manja aatali, otakasuka, opyapyala, juzi muvule mukafika, ndipo nenani kuti, “Ndikupempha mundiyeze pamwamba pa malayawa.” Ngati zipsera zili mkono umodzi, perekani winawo, palibe lamulo loti BP imayezedwa kumanzere kokha. Akati afuna pakhungu, monga zimakhalira ndi makina opopa ndi dzanja amene amafuna kumvetsera mtsempha pokhota mkono, pemphani kuti akakuyezereni m'chipinda cha adokotala osati pakhonde. Simufunika kufotokoza chifukwa.

Mantha pawokha amakweza BP ndi kugunda kwa mtima. Munthu amene wakhala phee mtima wake umagunda ka 60 mpaka 100 pa mphindi. Wamantha umapyola pamenepo mosavuta. Wina amapezeka wapatsidwa mankhwala a BP osafunikira chifukwa cha nambala imodzi yoyezedwa ali njenjenje. Matenda a BP satsimikizidwa ndi kuyeza kamodzi. Iyenera kupezeka ili 140/90 kapena kuposa pa masiku awiri osiyana. Nambala ikakwera, nenani kuti muli ndi mantha, khalani mphindi 5 mutatsamira msana, mapazi ali pansi osapingasa miyendo, mkono uli patebulo molingana ndi mtima, osalankhula, kenako ayezenso. Kodzani musanalowe, ndipo kwa mphindi 30 musanayezedwe musasute fodya kapena kumwa khofi ndi zakumwa zopatsa mphamvu zija za m'zitini. Koma choopsa koposa n'kunena kuti “ndi mantha chabe” BP ili yokweradi. Amene nambala yake ikadali 180/110 atapuma asapite kunyumba asanaonedwe ndi adokotala. Chimodzimodzi mayi amene mimba yake yapyola milungu 20 BP n'kukwera, makamaka ngati mutu ukupweteka, maso akuchita chidima kapena nkhope yatupa.

Magazi a m'botolo, monga oyeza impso kapena chiwindi, amafuna mtsempha. Malo oyamba kufunafuna ndi pokhota mkono, kutsogolo kwa chigongono. Amamanga kalamba kapena gulovu chapamwamba pang'ono, n'kupapasa ndi chala kufuna mtsempha wofewa. Apa kubisa kumakupwetekani nokha. Mnofu wa chipsera ndi wolimba, mtsempha wa pansi pake sumveka bwino, singano imalowa movutikira ndipo imawawa kwambiri. N'chifukwa chake otenga magazi amaphunzitsidwa kupewa malo a zipsera. Mukamuuza msanga kuti, “Mkono uwu uli ndi zipsera, yesani uwu,” mwamupeputsira ntchito. Mikono yonse ikakhala ndi zipsera, kuseri kwa dzanja kuli mitsempha yabwino, ndipo pamenepo malaya sapindidwa kupyola povala wotchi. Pamaluma kuposa pachigongono koma ndi kanthawi. Dripi nayonso kawirikawiri imaikidwa pomwepo.

Kuti zithe msanga, imwani makapu awiri a madzi ola limodzi musanapite, pokhapokha ngati akuuzani kuti musamwe kanthu chifukwa cha opaleshoni, ndipo mu Juni ndi Julayi fundani manja, popeza mitsempha imabisala kukazizira. Magazi amene amatenga ndi ochepa, nthawi zambiri botolo limodzi silipyola sipuni ya tiyi. Akabaya kawiri osaupeza, si mwano kupempha kuti ayese wina. Akachotsa singano, dinani thonje kwa mphindi zitatu mkono uli wowongoka. Kuupinda, monga ambiri anazolowera, ndiko kumasiya chotupa chakuda, chifukwa magazi amatayikira pansi pa khungu.

Kwa ena amene anadzivulazapo, kuona singano kapena magazi kumadzutsa zakale. Yang'anani kumbali, uzani wotengayo kuti asakuonetseni botolo, ndipo chezani naye za china chilichonse. Palinso ena amene amakomoka: thukuta lozizira limatuluka, makutu amalira, m'maso mumada. Chimachitika n'chakuti BP imatsika mwadzidzidzi, magazi n'kuchepa ku ubongo. Munthu wotere kumuuza kuti “masukani thupi” n'kumufulumizitsa kugwa. Iye apemphe kutengedwa magazi atagona, ndipo alimbitse minofu ya miyendo, matako ndi mimba kwa masekondi 10 mpaka 15, amasule kwa masekondi 20 mpaka 30, abwereze kasanu, mkono wobayidwawo wokha ausiye womasuka. Akatha asadzuke msanga.

Ku kulera zosankha zilipo zambiri. Jakisoni wa Depo wa miyezi itatu amabayidwa paphewa kapena pathako, sankhani nokha. Sayana Press imabayidwa pansi pa khungu la pamimba kapena kutsogolo kwa ntchafu, ndipo mayi angaphunzitsidwe kudzibaya yekha kunyumba, bola apewe pa chipsera penipeni chifukwa mankhwala sayenda bwino pamenepo. Amene akuona kuti kusunga singano m'nyumba kungamudzutsire zakale, azikabayitsa kuchipatala. Timitengo ta pamkono, Implanon ya zaka zitatu kapena Jadelle ya zaka zisanu, timalowetsedwa chamkati mwa mkono umene simugwiritsa ntchito kwambiri, pafupifupi masentimita 8 pamwamba pa chigongono, ndiye mkono wonse umaoneka kwa mphindi zochepa. Ngati zipsera zanu zimakula n'kutukuka kupyola malire a bala, zimene achipatala amati keloid ndipo zimakonda khungu lakuda, nenani asanayambe, pakuti polowetsera ndi pochotsera pangathe kuchita chimodzimodzi.

Kusikelo ya amayi oyembekezera mimba iyenera kuoneka, palibe kuchitira mwina. Mzamba amayeza ndi tepi kuchokera pafupa la pachinena kufika pamwamba pa chiberekero, amapapasa mmene mwana wagonera, n'kumvetsera mtima wake. Tengani zitenje ziwiri, china choyala, china chofunda kuyambira m'chiuno kutsika, ntchafu sizioneka. Masiku ano amalangiza kupita kusikelo maulendo 8, woyamba mimba isanapyole milungu 12, ndipo ife tikuti uzani mzamba mmodzi pa ulendo woyamba womwewo. Mayi amene anavutikapo ndi matenda a kukhumudwa ali pachiopsezo chokulirapo choti amubwerere akabereka, ndipo mzamba amene akudziwa amakhala tcheru. Ndiponso n'kosavuta kuyankha mafunso mutakhala pampando kusiyana ndi kuyankha muli pabedi la ku leba matenda atakula. Poyeza khansa ya khomo la chiberekero ndi viniga, chitenje chingafunde ntchafu mpaka m'mawondo. Woyezayo akufuna kuona khomolo pakatha mphindi imodzi atapaka, basi, ndipo zonse zimatha msanga.

X-ray ya pachifuwa imafuna kuti muchotse zazitsulo, bra ndi malaya a mabatani. Sikipa yopyapyala yopanda zomata nthawi zambiri imaloledwa. ECG, yoyeza kagundidwe ka mtima, ili ndi timawaya 10, 6 ta pachifuwa ndi 4 ta m'mikono ndi m'miyendo, ndipo ta m'mikono tingasunthidwe kupita pamalo opanda zipsera. Ku opaleshoni thupi limaoneka, ndipo wogonetsa ayenera kudziwa mankhwala onse amene mukumwa, monga a matenda a kukhumudwa, amitriptyline kapena fluoxetine. Musawasiye mwadzidzidzi pofuna kuti asadziwike. Pa medikolo ya ntchito kapena ya sukulu, funsani musanasayine kuti pafomu yopita kwa abwana palembedwa chiyani. Ngati mukudziwa kuti akapima thupi lonse, monga polemba asilikali, tengani kalata ya wachipatala amene amakudziwani yonena mmene mulili panopa.

Tsopano za mawu oti munene. Musadikire kuti wachipatala adzidzimuke. Yambani ndinu, malaya asanapindidwe. Izi n'zokwana: “Muona zipsera pamkonopa. Ndi zakale, ndinadzivulaza ndekha nthawi ina, koma lero ndabwerera chifuwachi.” Amene sakufuna kutchula chifukwa anganene kuti, “Ndi zakale, sindikufuna kukamba za izo lero.” Bwerezani mawuwa mokweza kunyumba muli nokha, chifukwa mawu amene pakamwa sipanawazolowere amathawa mukakhala pamaso pa adokotala. Ngati mukudziwa kuti adzakanirira pakhosi, lembani pa kapepala, kaikeni pa tsamba la lero la buku lanu la kuchipatala, akawerenga mukatengenso. Lembani pomwepo zimene mwabwerera, zisapyole zitatu, poti mantha amaiwalitsa, munthu n'kutuluka atakamba za zipsera zokhazokha chifuwa chija osachitchula.

Mafunso adzabwera, ndipo musawaone ngati mlandu. Malangizo a za umoyo wa m'maganizo otchedwa mhGAP a bungwe la WHO, amene anatuluka koyamba mu 2010 ndipo amagwiritsidwa ntchito pophunzitsa azachipatala kuno, amauza wachipatala kufunsa ngati munthu wakhala ndi maganizo kapena mapulani odzipweteka m'mwezi wapitawu, komanso ngati anadzivulaza m'chaka chapitachi. Ndiye mudzamva kuti, “Munachita komaliza liti?” ndiponso “Kodi mumaganiza zodzipha?” Ambiri amene amadzivulaza sakhala akufuna kufa, amakhala akufuna kuti ululu wa mumtima uphwe kwa kanthawi. Komabe chiopsezo cha kudzipha n'chokwererapo mwa iwo kusiyana ndi anthu ena, choncho wachipatala amene safunsa ndi amene walakwitsa.

Yankhani zoona, mwachidule. “Padutsa zaka zitatu, ndipo sindiganiza zodzipha” ndi yankho lokwanira, ndipo nkhani imabwerera ku chimene mwadzera. Ngati n'zaposachedwa, kunena zoona ndiko kungakupezetseni thandizo. Ambiri amaopa kuti “anditumiza ku Zomba” kapena “andiitanira apolisi.” Zomba Mental Hospital imagoneka anthu odwala kwambiri amene sangasamalidwe bwino kunyumba kapena pachipatala cha m'boma lawo. Zipsera zopola si chifukwa chogonekera munthu kulikonse, ndipo si nkhani ya apolisi. Ngakhale kwa amene akuvutikabe pakali pano, chimene chimachitika kawirikawiri ndi kukambirana, kupatsidwa tsiku lokaonana ndi namwino wa matenda a m'maganizo, nthawi zina mankhwala, ndi kugwirizana za munthu mmodzi wodalirika woti adziwe. Kugonekedwa kumabwera moyo ukakhala pachiswe lero lomwe.

Chinsinsi chili ndi malire ake, ndipo ndi bwino muwadziwe. Zimene mwauza wachipatala siziyenera kupita kwa amuna anu, apongozi, abusa kapena abwana popanda chilolezo chanu. Zimasintha pamene moyo wanu kapena wa wina uli pangozi yeniyeni, kapena pamene mwana akuchitidwa nkhanza. Wosakwana zaka 18 amene akudzivulazabe adziwe kuti wachipatala adzafuna kuti wamkulu mmodzi adziwe, koma mwanayo angathandize kusankha kuti akhale ndani, mwina azakhali m'malo mwa bambo. Kuno kwathu chinsinsi chimaululikira kwambiri pa buku la kuchipatala, chifukwa limakhala kunyumba, m'chikwama kapena pawindo, ndipo aliyense angalitsegule. Funsani kuti, “Mulemba chiyani m'bukumu?” ndipo nenani ngati pali ena amene amaliwerenga. Zofunika pa chithandizo, monga mankhwala amene mwapatsidwa, ziyenera kulembedwa, koma zingalembedwe mwachidule. Musang'ambe masamba kapena kugula buku latsopano ulendo uliwonse. Mukatero mumataya mbiri ya BP, ya mankhwala amene thupi lanu limadana nawo, ndi zina zimene zingadzakupulumutseni tsiku limene mwafika osatha kulankhula.

Gadiyani amene wakuperekezani sayenera kulowa nanu m'chipinda ngati simukufuna. Kuuza mayi anu maso ndi maso kuti atsale panja n'kovuta, tikudziwa, ndiye nong'onezani namwino. Iye akanena kuti, “Mayi, tadikirani panja pang'ono,” palibe amakhumudwa. Koma ngati pali mnzanu amene amadziwa kale, bwerani naye. M'zipatala zophunzitsira monga Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe mumakhala ophunzira, nthawi zina gulu lonse kuzungulira bedi limodzi. Mungapemphe kuti asakhalepo ndipo chithandizo chanu sichichepa. Mungapemphe kuti atseke katani kapena chitseko, kuti muvule mbali imodzi panthawi, komanso kuti aime kaye mukaona kuti zakukulirani. Kupimidwa ndi mkazi kapena mwamuna mnzanu mungapemphenso, ngakhale kuti pachipatala chaching'ono cha wachipatala mmodzi sizitheka nthawi zonse. Achinyamata a zaka 10 mpaka 24 afunse ngati pali tsiku kapena chipinda chawo. Lolemba m'mawa mzere umatalika ndipo aliyense amakhala wothamanga; ngati matenda akulola kudikira, pakati pa sabata ndi pabwino.

Pamzere pomwepo ndi pamene ambiri amagonjera. Mantha akakwera munthu amapuma mothamanga osazindikira, ndipo kupuma koteroko kumatulutsa mpweya wa carbon dioxide wambiri kuposa muyeso. Zala ndi milomo zimachita dzanzi, chizungulire chimabwera, chifuwa chimathina, munthu n'kuyesa kuti ndi matenda a mtima, mantha n'kuwirikiza. Kukoka mpweya wambiri kumangowonjezera. Chofunika n'kuutulutsa pang'onopang'ono. Kokani ndi mphuno mukuwerenga mpaka 4, mimba ikufufuma mapewa ali chete, tulutsani ndi pakamwa mukuwerenga mpaka 6, kwa mphindi ziwiri kapena zitatu. Yesererani kawiri patsiku sabata yonse musanapite, chifukwa njirayi sigwira bwino ngati mukuiyamba muli kale pabenchi. Mantha a mtunduwu amafika pachimake pa mphindi 10 kapena cha pamenepo, kenako amatsika okha. Pondani pansi mwamphamvu, werengani zolembedwa pakhoma, tchulani mumtima zinthu zisanu zimene mukuziona. Zikakanika uzani woyandikana naye akusungireni malo, tulukani mukapitidwe mphepo, koma musatuluke pageti. Konzeranitu za madzulo a tsikulo, pakuti kwa ena chilakolako chodzivulaza chimabwera atabwerera kunyumba: musakhale nokha, kapena panganani ndi wina kuti muimbirane foni.

Pali njira zina zodzithandizira zimene zimaononga. Kumwa mowa kapena mapiritsi ogonetsa ogula pamsika kuti mulimbe mtima kumasokoneza zoyeza, ndipo n'koopsa ngati akupatsani mankhwala ena pamwamba pake. Kumanga bandeji pa chipsera chopola kumangoitana funso, chifukwa wachipatala aliyense amafuna kuona chimene chili pansi pa bandeji. Mafuta oyeretsa khungu, makamaka okhala ndi betamethasone kapena clobetasol, sachotsa chipsera. Amapyapyalitsa khungu n'kusiya mizere ndi mawanga, chipsera n'kuonekera kwambiri. Chipsera chimene changopola kumene chimathandizika pochisisita ndi Vaseline kwa mphindi zingapo kawiri patsiku, pochiteteza ku dzuwa, ndipo kwa amene angakwanitse, pomata silicone ya ku famase maola 12 kapena kuposa patsiku kwa miyezi iwiri kapena itatu. Keloid amaibaya jakisoni m'chipseramo ku kiliniki ya khungu pakatha milungu 4 mpaka 6 iliyonse. Mukangoidula, kawirikawiri imameranso yaikulu kuposa kale.

Zonsezi n'za zipsera zopola. Bala latsopano lisadikire kuti manyazi athe. Dinani ndi nsalu yoyera kwa mphindi 10 osasuzumira, mkono uli m'mwamba. Ngati magazi sakusiya, bala layasama, zala zachita dzanzi kapena sizikupindika, pitani nthawi yomweyo. Kusoka kumayenda bwino mkati mwa maola 6 mpaka 8, ndipo mtsempha woduka ukachedwa kulumikizidwa chala chingalumale mpaka kale. Tsukani ndi madzi aukhondo basi, osathira mchere, mankhwala otsukira mano kapena ufa wa m'makapisozi. Kufiira kofalikira, kutupa, mafinya ndi kutentha thupi zikusonyeza kuti m'balamo mwalowa tizilombo. Funsaninso za katemera wa kafumbata ngati padutsa zaka zisanu kapena simukukumbukira. Amene wamwa mankhwala opyola muyeso kapena poizoni athamangire naye kuchipatala ngakhale akuoneka bwino, pakuti mankhwala ena amaononga chiwindi mwakachetechete kwa masiku awiri kapena atatu. Musamusanzitse, musataye nthawi ndi mkaka, ndipo tengani paketi kapena botolo lake.

Kwa anzathu a yunifolomu, zimene zimathamangitsa anthuwa timazidziwa tonse. Kufuula pakhonde kuti, “Ichi n'chiyani?” Kuitana mnzako kuti adzaone. Kulalikira za ziwanda, kapena kunena kuti “mumangofuna anthu akuoneni.” Kusoka bala popanda lignocaine, mankhwala ochititsa dzanzi, ati kuti aphunzirepo, imene ndi nkhanza yeniyeni. Komanso kuona zipsera n'kugamula kuti m'mimba mmene munthu akudandaula ndi za m'mutu, apendikisi n'kuphulika. Malizani kaye chimene wadzera, tsitsani mawu, ndipo muli awiri funsani kuti, “Ndaona zipserazi, kodi n'zakale kapena zikuchitikabe?” Akati n'zakale ndipo wayankha mafunso okhudza chitetezo chake, mutsitsireni mkono wa malaya n'kupitiriza. Musamulumbiritse kuti sadzachitanso. Lonjezo lotere likalephereka munthu amachita manyazi ndipo sabweranso.

Wachipatala akakunyozani, lembani tsiku, nthawi ndi chipinda, kadandauleni kwa mkulu wa anamwino kapena ku ofesi yolandira madandaulo ya Hospital Ombudsman imene ili m'zipatala za boma zikuluzikulu ndi za m'maboma. Nkhani zazikulu zimapita ku Medical Council of Malawi kapena ku Nurses and Midwives Council of Malawi. Dandaulo lingadikire mawa, koma kuyezedwa kumene kunatsala kukachitike ndithu, kwa wina kapena pachipatala china. Amene akufuna thandizo la m'maganizo afunse za namwino wa matenda a m'maganizo pachipatala chachikulu cha m'boma lake. Ku Blantyre kuli kiliniki ya Room 6 ku Queen Elizabeth, ku Lilongwe kuli chipatala cha Bwaila, ndipo St John of God ili ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Ana ndi achinyamata angaimbe kwaulere pa 116, nambala ya Tithandizane ya bungwe la YONECO. Maganizo ofuna kudzipha akafika usiku kapena Lamulungu, musadikire tsiku la kiliniki: dzutsani wina m'nyumbamo, mupatseni mankhwala ndi zonse zimene mungadzipweteke nazo kuti asunge, ndipo pitani naye kuchipatala chilichonse chimene chili chotsegula.

Ndife,
Anamwino ndi alangizi a za umoyo wa m'maganizo,
Blantyre